Kalata yotseguka kwa oyendetsa sukulu za ukachenjede: Chingerezi, jenda ndi kanema si maphunziro a manotsi

Olemekezeka a Nduna oona za maphunziro, akuluakulu a bungwe la National Council for Higher Education, ndi inu atsogoleri a mayunivesite a boma ndi omwe si a boma,

Takulonjerani kuchokera kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mutikhululukire kuti nkhaniyi tayiika pabwalo. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Dandaulo lathu ndi limodzi basi. M'sukulu za ukachenjede muli maphunziro atatu omwe akuphunzitsidwa ngati zoloweza pomwe ndi ntchito ya manja, maso ndi pakamwa: luso lolemba ndi kulankhula Chingerezi, maphunziro a jenda ndi chikhalidwe, komanso luso la zithunzi ndi kanema. Palibe mwa inu angalole kubayidwa jakisoni ndi namwino yemwe jakisoniyo anangomuwerenga m'manotsi. Koma chaka ndi chaka tikuveka zipewa ana omwe anakhoza mayeso a kulankhula pagulu asanaimepo pagulu, ndi ena omwe anakhoza za kanema asanajambulepo ngakhale mphindi imodzi. Pempho lathu n'loti maphunzirowa muziwawerengera ngati a mulabu: pa nthawi yophunzirira, pa chiwerengero cha aphunzitsi, ndi pa bajeti.

Taonani mwana yemwe akubwerayo. Wachokera ku sekondale yoyendera ya ku Mayani, ku Golomoti, ku Kasinje kapena ku Tsangano. Ali ndi makirediti asanu ndi imodzi a MSCE, Chingerezi chili momwemo, chifukwa popanda icho sakanasankhidwa. Koma mayeso a Chingerezi a MANEB ndi olemba. Sayesa ngati mwana angathe kufotokoza maganizo ake ndi pakamwa. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chophunzitsira, kusintha zomwe boma linanena mu 1996 zoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulolo lilipo, koma m'kalasi ya kumudzi mphunzitsi amalemba pa bolodi m'Chingerezi n'kufotokoza m'Chichewa, ndipo ife sitimunena, chifukwa akapanda kutero ana abwerera kwawo chimanjamanja. Ndiye mwanayu Chingerezi amachidziwa ndi maso okha. Akangofika ku Zomba, ku Bunda, ku Ndata kapena ku Luwinga, sabata yoyamba yomweyo akuuzidwa kuti alembe masamba asanu okhala ndi umboni wa m'mabuku.

Zolakwa zake si zachisawawa. Zili ndi mizu, ndipo mphunzitsi wodziwa Chichewa amazionera patali. Ife tili ndi "iye" mmodzi, choncho "he" ndi "she" amasinthana m'ndime imodzi yomweyo. Tilibe timawu ngati "a" ndi "the", ndiye mwana amatisiya kapena kungotimwaza paliponse. Kwathu l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, pomwe "pray" ndi "play" ndi zinthu ziwiri zotalikirana ngati tchalitchi ndi bwalo la mpira. Malembo athu a liwu ndi asanu, n'chifukwa chake "ship" ndi "sheep" zimatuluka chimodzimodzi. Maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, ndipo lilime limafuna kumata "i" kumapeto kwa mawu a Chingerezi. Kubwereka ndi kubwereketsa n'za tsinde limodzi, ndiko kumachokera "borrow me". Zonsezi zimachepa ndi mphindi khumi zoyeserera tsiku lililonse la kalasi, bola wina akumvetsera n'kukonza. Ndi buku la galamala lokha sizichoka.

Komabe vuto lenileni lili pa kasanjidwe ka nkhani. Mwana woleredwa bwino kuno amadziwa kuti pamaso pa akulu sufikira pa mutu wa nkhani. Umayamba ndi malonje, n'kuzungulira, n'kufika pa "ndimati ndipemphe nawo" kumapeto. Pabwalo la milandu wolankhula mwanzeru amasunga mfundo yaikulu kuti atsekere. Lipoti la Chingerezi limafuna zosiyana: mfundo ikhale m'chiganizo choyamba, zifukwa zitsatire. Kalata ya ku ofesi imafuna pempho pa mzere woyamba. Mphunzitsi wosazindikira izi amalemba ndi cholembera chofiira kuti mwanayu sadziwa kuganiza, pomwe mwanayo amangopereka ulemu. N'chimodzimodzi ndi kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu: kumudzi ndi mwambo, pa intaviyu ya ntchito amati ndi mantha kapena bodza. Mtsikana ndiye amalipira kawiri, chifukwa iyeyo anaphunzitsidwa kwambiri kugwada ndi kutsitsa mawu. Mwana auzidwe mosabisa kuti pali njira ziwiri, iliyonse ili ndi malo ake, ndipo ayeserere zonse. Mupatseni nkhani imodzi, mwachitsanzo mjigo wowonongeka, ailankhule ngati ali kwa amfumu, kenako ailembe ngati ikupita kwa bwanamkubwa wa boma.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa apa m'pomwe pagona nkhani. Tiyerekeze kalasi ya ana 300, poti kosi ya Chingerezi amaitenga onse a chaka choyamba. Chimangirizo cha mawu 500, kuti munthu achiwerenge n'kulembapo ndemanga yothandiza, chimadya mphindi khumi. Ana 300 ndiye kuti mphindi 3,000, omwe ndi maola 50. Sabata ya ntchito ili ndi maola 40. Kulankhula nakonso: mwana aliyense mphindi zitatu, ndemanga mphindi ziwiri, pamodzi maola 25. Ngati kosi ili ndi maola atatu pa sabata kwa masabata 14, yonse ndi maola 42. Kumvetsera mwana aliyense kamodzi kokha kwadya kale kuposa theka. Mphunzitsi si waulesi akathawira ku mafunso ongochonga yankho, kapena ku ntchito ya m'magulu a anthu 15 momwe mmodzi amalemba, enawo n'kusonkha ya pulinti. Masamu ndiwo amuthamangitsa.

Mankhwala ake ndi odziwika. Ola limodzi pa sabata kalasi yonse ikumane, maola awiri otsalawo akhale a timagulu ta ana 25. Ana 300 ndi timagulu 12. Othandiza mphunzitsi anayi, aliyense timagulu titatu, ndiye kuti aliyense ali ndi mapepala 75, maola 12 ndi theka ochonga, zomwe n'zotheka pa masabata awiri aliwonse. Othandizawa angachokere mwa omwe akuchita digiri yachiwiri, koma aphunzitsidwe kachongedwe sabata imodzi semesita isanayambe, achonge mapepala khumi ofanana kuti malikisi awo asatalikirane, ndipo alipidwe pa nthawi yake. Wothandiza yemwe wakhala miyezi itatu osalandira kanthu amachonga tsamba loyamba lokha.

Ntchito yolemba ikwere ngati makwerero. Masabata oyamba ndime imodzi ya mawu 120, mfundo imodzi, umboni umodzi. Kenako kufupikitsa nkhani ya mawu 400 kuti ikhale 100, chifukwa yemwe sangathe kufupikitsa ndiye amakopera. Zikatero kalata ya ku ofesi, imelo, maminitsi a msonkhano, ndipo pomaliza lipoti la mawu 1,000 lokhala ndi manambala omwe mwanayo watolera yekha. Chilichonse chilembedwe kawiri. Malikisi aakulu apite pa kulemba kwachiwiri, apo ayi mwana amangoyang'ana nambala n'kukulungira mandasi pepalalo. Wochonga asafiiritse tsamba lonse: asankhe mitundu itatu ya zolakwa, aike chizindikiro m'mbali, mwanayo akonze yekha. Ndipo poti masiku ano foni imalemba chimangirizo chosalala m'masekondi ochepa kudzera pa ChatGPT ndi anzake, kulemba koyamba kuchitikire m'kalasi ndi dzanja, ndipo pa ntchito yaikulu mwana afunsidwe mafunso atatu pamaso. Yemwe sanalembe yekha amagwa pa funso loyamba.

Chichewa musachithamangitse m'kalasimo, ngakhalenso Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena. Mphindi zisanu zokambirana m'chiyankhulo cha kwawo zimatulutsa maganizo. Chingerezi chibwere kudzavala maganizowo. Komanso kumbukirani komwe anawa akupita. Mlangizi wa zaulimi ku Bembeke adzalemba lipoti m'Chingerezi, koma mlingo wa mankhwala opopera mbatatesi adzaufotokoza m'Chichewa. Namwino wa ku Ntcheu adzawerenga pa botolo m'Chingerezi n'kuuza agogo m'Chichewa kuti amwe kangati. Mayeso a kosiyi akhale ndi gawo lomasulira mbali zonse ziwiri. Womaliza maphunziro yemwe amasakaniza Chingerezi m'chiganizo chilichonse pamsonkhano wa m'mudzi walephera kulankhula, ngakhale satifiketi ikunena zina.

Za jenda. Mawuwa anafika m'midzi atakwera galimoto za mabungwe, ndipo ambiri amawamva ngati akutanthauza amayi, kapena alawansi ya semina. Tsoka lake n'loti m'kalasi zambiri akuphunzitsidwanso choncho: matanthauzo oloweza ochokera m'mabuku olembedwa kutali. Zotsatira zake zimachititsa manyazi. Mwana wa ku Dedza amalemba pa mayeso kuti mu Africa mkazi sakhala ndi munda, pomwe munda womwe wamulipirira fizi ndi wa mayi ake, ndipo bambo ake ndi mkamwini pamudzipo. Buku lamuphunzitsa kusakhulupirira maso ake.

Kuno nkhani ndi yopota kuposa m'bukumo, ndipo kupotako ndiye phunziro. Pa chikamwini munda umatsata mbumba, ana ndi a kuchikazi. Koma mawu omaliza pa maliro, pa ukwati ndi pa mlandu amakhala ndi mwinimbumba, amalume. Mkazi akhoza kukhala mwini munda, koma ndalama ya mbatatesi ikagulitsidwa pa Lizulu n'kulowa m'thumba la mwamuna. Mkamwini naye amazengereza kumanga nyumba ya njerwa zootcha kapena kubzala mitengo pamalo pomwe angauzidwe tsiku lina kuti anyamule bulangete lake. Pa chitengwa zinthu zimatembenukanso. Ndani ali ndi mphamvu pamenepa? Funso limeneli silikhala ndi yankho la mzere umodzi, ndipo mwana yemwe walilimbana nalo kwa semesita adzatha kuwerenga buku lililonse la kunja ndi maso otseguka. Anyamata nawo ali m'nkhaniyi: omwe akusiya sukulu kupita ku kabaza, kukaweta, kapena kutsika ku Joni.

Chikhalidwe chisamaphunzitsidwe ngati mndandanda wa miyambo yoipa. Zoipa zilipo ndipo zitchulidwe ndi maina ake, monga fisi, kusasa fumbi ndi kukwatiwitsa ana. Koma yemwe anathetsa maukwati a ana mazanamazana ku Dedza kuno, n'kubwezera anawo kusukulu, anali Inkosi Theresa Kachindamoto, ndipo anachita izi ndi mphamvu ya ufumu, poimitsa mafumu ang'onoang'ono omwe amalekerera. Mwambo womwewo unakhala chida. Ana aphunzire momwe anachitira, osati kungoloweza dzina.

Malamulo awawerenge okha, osati kumva kwa mphunzitsi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana ndi miyambo yovulaza, ndipo limati polemba ntchito m'boma mbali imodzi isachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 aliwonse. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Pali la nkhanza za m'banja la 2006, ndi la chuma cha masiye la 2011 lomwe limaletsa kulanda katundu wa womwalira. Ntchito yabwino ndi iyi: mwana atenge gawo limodzi la lamulo, alilembe m'Chingerezi chosavuta m'mawu 100, kenako m'Chichewa choti anamkungwi angamve. Pamenepo waphunzira jenda, lamulo ndi Chingerezi nthawi imodzi. Ina yosafuna ndalama: alembe maola 24 a mayi ndi a bambo a pakhomo limodzi nthawi yokolola, ola ndi ola, kuyambira kutunga madzi mpaka kugona, osaikapo ndemanga. Manambala amalankhula okha. Muonenso akamamasulira chiganizo ngati "dokotala wabwera ndi mlembi wake": Chichewa sichinanene kuti mwamuna ndani, koma ambiri adzapatsa dokotala "his". Mphindi makumi awiri zokambirana chifukwa chake zimaposa mutu wonse wa m'buku.

Apa tinene chomwe chimanong'onedwa. Kosi ya jenda ilibe mphamvu pasukulu pomwe mtsikana akuopa kulowa yekha mu ofesi ya mphunzitsi kukafunsa za malikisi. Zotchinga zake n'zosavuta: mapepala azichongedwa ndi nambala, osati dzina; pepala lililonse lolephera liwerengedwenso ndi munthu wachiwiri; kukumana ndi ophunzira kukhale pa maola odziwika, chitseko chili chotsegula; ndipo kokadandaula kukhale kunja kwa dipatimenti ya wodandauliridwayo, ndi masiku owerengeka oti yankho lituluke. Pepala la ndondomeko lomwe lili m'kabati ya alembi silitchinjiriza aliyense.

Tibwere ku zithunzi, komwe ife a kuno tili ndi chonyadira. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe pali kalasi yomwe makolo anatisiyira. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira ndi za Akafula. Zambiri mwa zoyera ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina za nyau. Ndiye kuti amayi a kuno ankaphunzitsa ndi zithunzi kalekale pulojekita isanabadwe. Jenda, chikhalidwe ndi zojambula zakumana pa thanthwe limodzi ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi. Mukatsika Khwekhwerere mufika ku Mua, komwe bambo Claude Boucher anayambitsa malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare ikusunga mazana a nkhope za Gule Wamkulu, gule yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005. Ku Ntcheu kuli mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo, pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani. Kodi n'zoona kuti mwana amalize digiri ya zofalitsa nkhani kapena ya chikhalidwe malo awa atangowamva?

Koma musawatumize ndi kamera asanaphunzire kupempha. Chilolezo cha kumudzi chili ndi makwerero ake. Kalata ya yunivesite ndi ya ku boma ndi chiyambi chabe. Mufike kwa amfumu, amfumu akulozereni kwa eni mwambowo, kaya ndi akulu a kudambwe kapena anamkungwi, ndipo pamapeto pake munthu aliyense yemwe nkhope yake ioneke avomere yekha. Kuvomera kwa amfumu sikuvomerera mayi yemwe akusamba mwana kuseri kwa nyumba. Fomu ikhale m'Chichewa, iwerengedwe mokweza, inene komwe kanemayo akaonetsedwe, makamaka ngati apita pa Facebook kapena YouTube. Wosadziwa kulemba avomere pa mawu ojambulidwa. Mwana wosakwana zaka 18 amuvomereze kholo, ndipo nayenso afunsidwe. Kudambwe ndi kutsimba kamera siilowa, ngakhale wina atalandira kangachepe n'kunena kuti lowani. Za mkati mwa gule sitinena zambiri pano, eni ake akudziwa chifukwa chake, ndipo ophunzira aphunzire kudziletsa komweko. Pamiyala ya Chongoni asakhudze ndi dzanja, asathire madzi kuti mtundu uwale pa chithunzi, asalembe maina awo. Chafufutika pamenepo sichibwereranso.

Zipangizo sizifuna mamiliyoni omwe mumaopa. Kagulu ka ana asanu kamafuna foni imodzi yojambula bwino, kamaikolofoni kokoleka pa kolala, memori khadi ya 32GB, pawabanki, ndi choimikira foni, chomwe mmisiri angapange ndi nsungwi. Chomwe chimapha kanema wa ophunzira si chithunzi, ndi mawu. Foni ikatalikira wolankhula kuposa kutalika kwa mkono, mumamva mbuzi, chigayo ndi njinga zamoto, munthuyo osamveka. Mphepo ya ku Dedza ya mu June ndi July ikawomba pa maikolofoni osavala kasiponji, zonse zawonongeka, ndipo n'zovuta kuti kompyuta izikonze. Ajambule masekondi khumi, amvetsere ndi mahedifoni, ndiye ayambe. Chachiwiri ndi kuwala. Foni imadziyesera yokha kuwala potengera chomwe chawala kwambiri, ndiye munthu wa khungu lakuda akaima kumbuyo kwake kuli thambo loyera kapena zenera, nkhope imasanduka mthunzi. Dzuwa likhale kumbuyo kapena chammbali mwa wojambula, adine pa nkhope kuti foni iyesere pamenepo, ndipo ajambule m'mawa kapena chakumadzulo. Dzuwa la paliwombo limakumba maenje m'maso.

Foni igonekedwe chopingasa nthawi zonse, kupatula ngati kanemayo ndi woonera pa foni pokha. Chojambula chilichonse chikhale masekondi khumi osagwedeza, ndipo chinthu chimodzi chijambulidwe katatu: chapatali choonetsa malo, chapakati choonetsa munthu ndi ntchito yake, chapafupi choonetsa manja kapena nkhope. Popanda zitatuzi polumikiza pamasowa chobisira podula. Kanema wa mphindi zitatu amafuna zojambula za mphindi pafupifupi 30, ndipo pa mlingo wa kuoneka bwino kwa chithunzi wa 1080p mphindi imodzi ingathe kudya malo oposa 100MB, choncho mlingo wapamwamba wa 4K ausiye, ungodzaza khadi n'kuimitsa kompyuta. Madzulo alionse mafayilo akopedwe malo awiri, ndi dzina lokhala ndi tsiku ndi malo. Semesita iliyonse pamapezeka kagulu kolira kuti foni yabedwa kapena khadi yafa, ndipo nthawi zonse anali ndi kope imodzi. Polumikiza, mapulogalamu aulere ngati Shotcut ndi Audacity amakwanira. Chofunika ndi chipinda cha makompyuta chomwe magetsi ake sathima ntchito ili pakati.

Mawu omasulira a pansi pa kanema ndiwo mayeso a Chingerezi abwino kuposa onse omwe tikuwadziwa. Agogo alankhula Chichewa chakuya, cha miyambi. Mwana ayenera kuchiika m'mizere iwiri, uliwonse wa malembo osapitirira 40 kapena apo, woti munthu awerenge m'masekondi ochepa, tanthauzo osataya. Sangakopere paliponse. Akamasulira "malume" kuti "uncle" basi, mufunseni ngati mzungu wamva kuti munthuyu ndiye mwini ana.

Muyang'anenso momwe kagulu kamagawanira ntchito mphunzitsi akatembenuka. Anyamata amalanda kamera ndi kompyuta, atsikana amapatsidwa kope kuti alembe maina, mwinanso kuphika. Ntchito zizisinthana tsiku ndi tsiku, zilembedwe, ndipo aliyense apereke mphindi imodzi yomwe wajambula ndi kulumikiza yekha. Diso la kamera nalo lili ndi tsankho lake. Pa ngoma ya Angoni limathamangira amuna a zishango, amayi oimba ndi kululutira n'kukhala ngati khoma. Pa gule limatsata chilombo, kuiwala kuti popanda amayi oimba ndi kuwomba m'manja bwalo lazizira. Awerenge masekondi: mwamuna waoneka angati, mkazi angati, walankhula ndani. Achitenso chimodzimodzi ndi nyuzipepala za masabata awiri: pa zithunzi zonse, ndani watchulidwa dzina ndi udindo, ndani wangotchedwa "amayi ena a m'mudzi". Pa zithunzi za mabungwe othandiza, wopereka thumba amakhala ndi dzina, wolandira alibe.

Mbiri yathu ilinso ndi zophunzitsira. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa amayi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi, ndipo mu January 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha zovala. Lero kuvulako kwasamukira pa WhatsApp. Ophunzira adziwe kuti kuzunza munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo kuti kuika nyimbo ya mwini pa kanema wako popanda chilolezo kumakhudza lamulo la Copyright Act la 2016 ndi bungwe la COSOMA.

Ulendo wa kumudzi ukhale wa masiku atatu, nthawi yopanda mvula, ndipo ndalama yake ilembedwe mu bajeti ya kosi, osati kusonkhetsa ana omwe akudikira ngongole ya boma kuti adye. Papite mphunzitsi wamkazi, malo ogona atsikana aonedwe pasadakhale. Kanema akatha abwerere kumudziko akaonetsedwe malikisi asanaperekedwe. Eni ake akati apa chotsani, pachotsedwe. Kope yabwino, pamodzi ndi mafomu a chilolezo, isungidwe ku laibulale ndi ku National Archives ku Zomba, m'malo mofera m'laputopu ya mphunzitsi.

Kwa inu a National Council for Higher Education, omwe lamulo la 2011 linakupatsani mphamvu yovomereza maphunziro: mukamayendera sukulu musamangowerenga mapepala a kosi, amalembedwa bwino onse. Funsani kuti kagulu kakang'ono kali ndi ana angati. Itanitsani mapepala khumi ochongedwa muone ngati muli ndemanga ndi kulemba kwachiwiri. Onerani makanema atatu a ophunzira, mupemphe mafomu a chilolezo ake. Funsani atsikana paokha, popanda mphunzitsi, ngati akudziwa kokadandaula. Kwa inu atsogoleri a mayunivesite: chigawanikireni University of Malawi mu 2021 sukulu iliyonse ili ndi ufulu wokonza maphunziro ake, ndiye lolani madipatimenti a Chingerezi, a chikhalidwe ndi a zofalitsa nkhani apereke ntchito imodzi yogwirizana, kanema wa mphindi zitatu ndi lipoti la mawu 1,000, yochongedwa ndi onse. Ndipo mphunzitsi wochonga mapepala mazana ntchitoyo iwerengedwe pomukweza, chifukwa pano wokwezedwa kawirikawiri ndi wofalitsa kafukufuku, ndiye aliyense amathawa chaka choyamba. Kwa inu a Nduna: mzere wa malipiro a othandiza aphunzitsi ndi wa maulendo a kumudzi uoneke pawokha mu bajeti ikubwerayi, kuti zinthu zikathina usakhale woyamba kudulidwa mwakachetechete.

Ndife anu,

Aphunzitsi a chiyankhulo, chikhalidwe ndi zojambula a ku Dedza ndi Ntcheu